Mphunzitsi wa Chingerezi asulidwe pa sukulu pake

Pamene Unduna wa Zamaphunziro udalengeza m'chaka cha 2014 kuti ana a dziko lino aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, potsata lamulo la zamaphunziro la 2013, makolo ambiri adakondwera, pakuti ndani sadziwa kuti mwana wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale masamu ndi sayansi atazikhoza chotani? Koma lamulo, lingasainidwe ndi akuluakulu otani, silitsegula pakamwa pa mwana. Wotsegula ndiye mphunzitsi amene waimirira pamaso pa ana oposa 100, choko kudzanja lamanja, buku limodzi kulamanzere. Ndipo za iyeyu, za mmene angasulidwire kuti ntchito yake ibale zipatso, tidalankhula pang'ono zedi.

Walira mvula walira matope. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana a sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni nafika pafupifupi 3 miliyoni, kotero kuti boma lidalemba anyamata ndi atsikana zikwizikwi osapondako ku koleji ya uphunzitsi, nkumawaphunzitsa ali kale pa ntchito mwa dongosolo lotchedwa MIITEP. Palibe angadzudzule zimenezo, poti ana sakadadikira. Chimene chidatsalira ndicho chizolowezi chakuti nzeru zatsopano zizitsika kuchokera kumwamba: akatswiri aphunzitsa anthu owerengeka pa msonkhano wa kuhotela, iwo nakaphunzitsa alangizi a m'mazoni, alangizi nakaphunzitsa aphunzitsi aakulu, ndipo pofika kwa mayi wophunzitsa Sitandade 3 kumudzi, nzeruzo zimakhala ngati thobwa lothiridwa madzi pa khomo lililonse, mtundu ulipo koma kukoma kudatsala m'njira. Sindikunena kuti misonkhano n'njachabe, ndipo alawansi ya kumeneko sindiichitira nsanje munthu wa malipiro ochepa. Ndikuti luso la kuphunzitsa chilankhulo silimveka ndi makutu okha, liyenera kuonedwa likuchitika.

Chodabwitsa n'chakuti chipala tili nacho kale. Zoni iliyonse ili ndi malo ake osulirako aphunzitsi, TDC, ndi mlangizi wake, PEA, ndipo pa sukulu iliyonse sipalephera kupezeka mmodzi amene ana ake amalankhula molimba mtima kuposa a m'makalasi ena. Mnzake wa kalasi loyandikana ndi lake angathe kukhala naye zaka zambiri, akudyera limodzi chinangwa pa buleki, osalowapo ndi tsiku limodzi lomwe kukaona chimene amachita, chifukwa ife tidazolowera kuti wokhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope m'manja ndi insipekitala wodzafuna zolakwa. Mantha amenewa achoke. Aphunzitsi awiri atapangana kuti azionererana phunziro limodzi pa sabata, nakhala pansi pambuyo pake monga abale, wina kufunsa wina kuyankha, adzapindula kuposa mmene akadapindulira ndi masiku atatu a kumsonkhano, pakuti safunsa adadya phula.

Nanga woonererayo ayang'ane chiyani? Ine ndikadati ayambe wawerenga chinthu chimodzi chokha: pa mphindi za phunzirolo, ndi zingati zimene mwana walankhula mawu akeake. Pakuti yense wodutsa pafupi ndi sukulu zathu amamva ana akubwereza pamodzi chiganizo chimene mphunzitsi wanena, mofuula ndi mokoma, naganiza kuti Chingerezi chalowa. Koma m'khamu lotere mwana wosamva kanthu amangogwedeza milomo nabisala mwa anzake, chaka n'kutha, kufikira tsiku limene mayeso a Sitandade 8 amupeza ali yekha. Kubwereza kuli ndi malo ake, makamaka pozoloweretsa lilime, poti Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu pomwe Chingerezi chili ndi maliwu oposa khumi, ndipo mawu ake ambiri amathera pamene lilime la Mchewa lifuna kuwonjezapo kaliwu kena. Koma kubwereza kukatha, mphunzitsi atembenuze ana awiriawiri, uyu afunse mnzake zimene wadya m'mawa ndi njira imene wadzera, uyo ayankhe. Phokoso lidzachuluka ndithu, ndipo mphunzitsi wamkulu aphunzire kulipirira, chifukwa pamenepo ana 50 alikulankhula nthawi imodzi m'malo mwa mmodzi wochenjera wa pabenchi ya kutsogolo.

Za kusowa kwa mabuku tonse tikuzidziwa, koma a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulalikira kwa zaka zambiri za TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Pepala la shuga ndi katoni ya sopo zili ndi Chingerezi choti mwana awerenge. Nyuzipepala yakale ili ndi zithunzi zoti afotokoze. Ndipo nthano ya Kalulu, imene mwana aidziwa kale mutu ndi mchira, akaimva m'Chingerezi chapafupi savutika ndi nkhani, amangotola mawu.

Chimene tiyenera kuleka msanga ndicho kulanga mwana chifukwa walankhula chilankhulo cha amake pabwalo la sukulu. Mwana wopatsidwa chibalo chotchetcha udzu pa mlandu wotere saphunzira Chingerezi. Aphunzira kukhala chete, ndipo kukhala chete ndiyo nthenda imene tikulimbana nayo.

Tsono pempho langa kwa a Unduna ndi mabungwe owathandiza n'laling'ono. Pa ndalama zimene zimathera m'misonkhano, apatuleko zogulira mafuta a njinga yamoto ya PEA kuti azifika ndi ku sukulu za kutsidya kwa mtsinje, aikenso dikishonale ndi mabuku a nthano pa TDC iliyonse oti aphunzitsi eni ake azibwereka, popeza amene sawerenga Chingerezi sangachigawire ana. Ndipo alamule aphunzitsi aakulu kuti ola loonererana lilembedwe pa ndandanda ya maphunziro a sabata, monga alembera masamu ndi Chichewa.