Tisadikire makina osokera, tiyambe ndi singano ndi zigamba

Amayi anzanga, pa msonkhano wina wa bungwe lathu, nkhani ya chitukuko itafika, mayi wina anaimirira nati, "Ife tikanakhala ndi makina osokera, bwenzi pano tili patali." Tonse tinaomba m'manja, mlembi analemba, ndipo tinagwirizana zolemba kalata yopempha makina. Papita zaka zitatu, makinawo sanabwere, ndipo palibe mmodzi wa ife amene wasokapo ngakhale kampango. Inenso ndinaomba nawo m'manja tsiku lija, koma lero ndikuona kuti tinalakwitsa poyambira. Tinayamba ndi chinthu chimene tilibe, kusiya singano imene ili m'nyumba mwa aliyense.

Makina ndi abwino, sindikukana. Koma ndaonapo gulu lina limene linachita mwayi wolandira makina awiri. Miyezi iwiri yoyamba kunali chimwemwe. Kenako panabuka mkangano wa amene azisunga makiyi, lamba anaduka, panasowa wopereka ndalama ya wokonza, ndipo lero makinawo anafunditsidwa nsalu, pamwamba pake amaikapo maluwa. Vuto silinali makina. Amayiwo anali asanazolowere kudula nsalu mowongoka kapena kusoka msoko wosasomphoka, ndiye makinawo anangowafulumizitsa kuononga nsalu.

Tiyeni tione mmene zinthu zilili kwathu kuno. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Zambiri zimene timavala ndi kufunda zimachokera kunja, choncho mitengo inakwera nthawi yomweyo. Kaunjika amene tinkati ndi wa osauka anasiya kukhala wa osauka, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kuno ku Lilongwe kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Amene anapita ku msika wa Tsoka kukafuna bulangete la mwana akudziwa zimene ndikunena. Koma kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikuchepa chifukwa kwacha yagwa. Usiku wina kuno kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kuchepera apo, ndipo nyumba zambiri za lendi ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Biwi n'zopanda siling'i, mphepo imangolowa pansi pa malata. Ana atatu amalimbirana bulangete limodzi, wamng'ono n'kugona pamtetete. Ena amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera, osadziwa kuti mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Nkhani ya chofunda ndi nkhani ya umoyo.

Tsono yendani pa msika wa Kawale kapena wa Area 25 dzuwa likamalowa, muone zimene atelala amasesa pakhonde. Tizidutswa ta zitenje, ta yunifolomu ya sukulu, ta nsalu za ukwati, zonse zimapita kudzala kapena kumoto. Atelala ambiri mukawapempha mwaulemu amakupatsani, ena amafuna kandalama kochepa pa jumbo. Onjezani zimene zili m'sutikesi mwanu: zitenje za zikondwerero za parishi, za zinkhoswe, za misonkhano, zimene zinang'ambika pakati koma m'mbali zikadali zolimba, malaya a bambo othetheka kolala, siketi imene mwana anaikula. Zimenezi ndiye chuma choyambira.

Ndikudziwa chimene chikutigwira mwendo. Ife tinakula tikudziwa kuti chigamba ndi chizindikiro cha umphawi. Mwana wovala kabudula wa zigamba ankasekedwa kusukulu, ndipo mayi safuna kuti mlendo akalowa kuchipinda aone nsanza pabedi. Koma chofunda cha zigamba chosokedwa bwino si nsanza. Ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi osauka ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha zogwirira ntchito kumunda pofuna kuti ana asazizidwe, ndipo mu 2002 zofunda zawozo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York. Ku Bangladesh amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kuzisoka pamanja kukhala chofunda chotchedwa kantha. Nanga ife, amene tili ndi zitenje zamaluwa okongola chonchi, tichitirenji manyazi?

Kayambidwe kake n'kosavuta, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi. Zofunika ndi singano, ulusi wolimba, sizasi yakuthwa, pensulo kapena choko, ndi katoni. Choyamba chapani zigamba zonse, zofiira ndi zakuda pazokha. Nsalu ina imasuluka, ina imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ndi bwino ichite zimenezo musanaisoke. Ine chofunda changa choyamba sindinachape zigamba, ndipo nditachichapa chitatha, chofiira chinalowerera choyera chonse, china chinakwinyika ngati nkhope ya munthu wolawa mandimu. Mukayanika, sitani ndi simbi yotentha. Kusita kumawongola nsalu kuti idulike bwino, komanso kumapha mazira a ntchentche ija imaikira pa zovala zoyanikidwa pansi n'kuyambitsa mphutsi pakhungu la mwana.

Dulani katoni kukhala kabokosi ka masentimita 12 mbali zonse zinayi. Kameneka ndiye muyeso wanu, ndipo chigamba chilichonse chidulidwe potsata komweko. Musadule ndi maso okha, maso amanama. Tengani zigamba ziwiri, muziyang'anitse kumaso kwake, musoke mzere wowongoka kusiya sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Sokani mobwereza m'mbuyo pang'ono pa kubaya kulikonse kuti msoko ugwire ngati wa makina. Mukatero chigamba chilichonse chitsala masentimita 10. Zigamba 8 zipanga mzere umodzi, mizere 10 mukailumikiza mupeza nsalu ya masentimita 80 m'lifupi ndi mita imodzi m'litali, yokwanira mwana wamng'ono. Zonse pamodzi ndi zigamba 80. Mukamasoka zisanu patsiku, mukudikira nyemba kuti zipse kapena muli pa benchi pogulitsa tomato, pa masiku 16 mwamaliza mizere yonse.

Chinthu chimodzi chofunika kusamala: musasakanize nsalu yolemera ndi yopepuka. Jinzi ikalumikizidwa ndi nsalu yopyapyala imaikoka mpaka kuing'amba. Za thonje zikhale ndi za thonje zinzake, za jinzi muzisunge padera, zidzapanga chopondera pakhomo kapena chikwama. Nsalu zotamuka ngati za matisheti zisiyeni kaye mpaka dzanja litazolowera.

Chimene chimatenthetsa si zigambazo ayi, koma kusanjikiza. Pansi yalani chitenje chathunthu, pakati ikani bulangete lakale lothetheka lija mumafuna kutaya, pamwamba nsalu yanu ya zigamba. Gwirizanitsani zitatuzi posoka mizere yoyenda kuchokera pakati kupita m'mbali, kapena pomanga mfundo yolimba pa ngodya ya chigamba chilichonse. Pomaliza pindirani chitenje cha pansi chija pamwamba m'mbali monse n'kusoka. Ngati chofundacho n'cha khanda, musaikepo mabatani kapena mikanda, dulani ulusi wonse wolendewera chifukwa umatha kukulunga kachala, ndipo pogona chisaphimbe nkhope. Mukachichapa chiume mpaka m'kati, chifukwa chachinyezi chimachita nkhungu n'kuyambitsa chifuwa.

Wina anena kuti, "Mayi, nthawi tiipeza kuti? Tadzuka 4 koloko kukaima pa mzere wa madzi, kenako geni, kenako ana." Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. N'chifukwa chake ndikuti ntchitoyi ndi ya gulu. Amayi khumi, aliyense akasoka mzere umodzi wa zigamba 8 kunyumba, pa msonkhano wotsatira chofunda chatha. Timakhala maola awiri pa banki m'khonde manja ali pamiyendo, kudikira kuti buku liwerengedwe. Manja amenewo angathe kumasoka makutu akumva. Ndipo pafupifupi m'gulu lililonse muli mayi wachikulire amene anaphunzira zosoka kusukulu kapena kwa alangizi a zapakhomo masiku akale. Mphunzitsi tili naye kale, timangomupatsa ntchito yotsegula ndi pemphero basi.

Pa nkhani yogulitsa ndiyankhule mosabisa, chifukwa apa timanamizana kwambiri. Chofunda cha zigamba chosokedwa pamanja chimadya masiku ambiri, ndipo munthu wa ku Mgona sangakulipireni mtengo wolingana ndi thukuta lanu pamene pa msika pali bulangete la kufakitale. Amene akukuuzani kuti mulemera ndi zofunda akukunamizani. Phindu loyamba ndi ndalama imene simunatulutse: bulangete limene simunagule, yunifolomu imene mwaipinda nokha, zipi imene mwaika nokha. Zogulitsa zikhale zing'onozing'ono zotha msanga, monga zogwirira miphika, maapuloni, zikwama za mabuku a ana ndi zikwama zopitira ku msika. Pajatu boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, choncho chikwama cha nsalu chili ndi malo ake. Tikumbukirenso 2020, nthawi ya Covid-19, pamene timapisi ta zitenje tomweti tinasanduka mamasiki ndipo amene ankadziwa kugwira singano anadyerapo.

Pakakhala mtsikana kapena mayi amene dzanja lake laoneka kuti ndi laluso ndipo mtima wake uli pomwepo, ameneyo ndiye gulu limuthandize kupita patsogolo. Ku Area 23 kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco, ndipo bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro otere m'dziko muno. Makina akadzabwera adzapeze munthu wodziwa chochita nawo, ndi thumba la ndalama yokonzetsera likhalepo kale.

Kwathu tagwirizana kuti Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi singano, ulusi ndi jumbo ya zigamba zochapa kale. Katoni ndibweretsa ine. Chofunda choyamba tikapereka kwa agogo ena a mumphakati mwathu amene akulera zidzukulu zinayi m'chipinda chimodzi, ndipo tikufuna chithe Juni asanafike.