Mbeta ina silola mpaka kalekale, ndipo si matenda

Mwezi wathawu ndidali kwathu ku Thyolo kumaliro. Tili pasiwa usiku, abambo ena adayamba kunena mayi anga aang'ono, amene athyola tiyi pa esiteti ina zaka zoposa 20 koma sadakwatiwepo. Wina adati adawalodza. Wina adati ali ndi mwamuna wamizimu wowafikira usiku. Wachitatu adatsekera ndi mwambi woti mbeta silola tsiku limodzi. Onse adaseka. Ine ndidangoti duu, ndipo manyazi a kukhala chete kumeneko ndiwo andilembetsa nkhaniyi.

Mayiwa ndiwo adandilera mayi anga ondibereka atamwalira. Ankadzuka kusadache, dengu kumsana, mame ali mbwee, kuthyola masamba mpaka kukapimitsa pasikelo. Ndalama yochepayo ndiyo idandigulira yunifolomu ndi kundifikitsa ku yunivesite, ngakhale ndidasiyira panjira. Tsiku lina ndidawafunsa chifukwa chake amakana amuna. Adati, "Mwanangu, zimene anzanga amanena zoti mtima umagunda ukaona mwamuna, ine sindidazimvepo. Sindidana nawo, koma mtima wanga sukokera kumeneko."

Pa Chingerezi anthu otere amatchedwa aromantic, kutanthauza munthu amene samva, kapena amamva pang'ono chabe, chikoka chofuna kukhala pachibwenzi ndi wina. Tisasokoneze ndi asexual, amene alibe chilakolako cha kugonana, pakuti munthu atha kukhala ndi chimodzi popanda chinzakecho. Dzinali ndi lachilendo, koma anthuwo si achilendo. Tili nawo ku Bvumbwe, ku Luchenza, ku Makwasa, ngakhalenso m'maofesi a mu Blantyre muno.

Tsono funso nali: kodi munthu wotere angakonde? Abale anzanga, vuto lili pa chilankhulo chathu chomwe. Liwu limodzi loti chikondi timalisenzetsa katundu yense, ndiye tikamva kuti wina safuna chibwenzi timathamangira kunena kuti alibe chikondi. Nanga kulera mwana wamasiye ndi ndalama ya tiyi ndi chiyani? Amayi a kum'mwera kuno ali ndi chinjira, ubwenzi wa akazi awiri osakhala pachibale amene amagawana ufa, zinsinsi ndi misozi. Mayi anga ali ndi anjira awo, ndipo ubale wawo wapirira kuposa maukwati ambiri amene ndidavinako.

Nanga banja? Ena mwa anthu otere amakwatira kapena kukwatiwa, namakhala bwino ndithu, malinga auzana zoona poyambirira: ndidzakusamala, ndidzakulemekeza, koma za mtima kugunda usandiyembekezere. Ena safuna n'komwe. Zonse ziwiri ndi zawo, si za ankhoswe.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati izi ndi za azungu, ndiponso kuti kuno kwathu kwa chikamwini mkazi wopanda mkamwini alibe womulimira ndi womumangira nyumba. Nkhawa imeneyi ndi yoona, umphawi si masewera. Koma mankhwala a umphawi ndi malipiro abwino ndi malo olima, zinthu zimene anthu a ku Thyolo akhala akulirira kuyambira nthawi ya thangata. Kukankhira mkazi m'nyumba ya mwamuna amene sakumufuna sikuonjezera ngakhale tambala pa malipiro ake.

Ndipo taonani kumene tikuloza chala. M'chaka cha 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, idavomera kulipira, popanda kuvomera mlandu, amayi 36 ogwira ntchito m'minda yake ya tiyi amene adadandaula kuti adagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zokhudza kugonana. Mwamuna wofuna mkazi mokakamiza sitimuti adamulodza. Timati ndi mwamuna basi. Koma mkazi amene wangoti ayi mwaulemu ndiye timamufunira sing'anga ndi mapemphero. Zoona zimenezi?

Inu amene mudabwerako kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London mukudziwa kupweteka kwa kuuzidwa kuti aliyense aganize chimodzimodzi. Pa 14 June 1993 aMalawi adakana zimenezo, ndipo gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 likunena poyera kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja. Kukakamiza si chikwapu chokha ayi. Kuseka munthu pasiwa, kumunong'ona kutchalitchi, kumufunsa chaka ndi chaka kuti tidya liti mpunga, nakonso n'kukakamiza.

Mbeta ikakana kamodzi, kawiri, zaka 20, imeneyo yayankha. Ndikadzapitanso kumudzi wina n'kuyambitsanso nthabwala ija, ndidzamufunsa kuti iye walera ana angati a eni ake.