Pescada: zoikometsa zili kale m'munda mwa mlimi

M'masitolo okhala ndi firiji ku Ulónguè, ku Zóbuè ndi mumzinda wa Tete, pambali pa karapau amene aliyense amamudziwa, nthawi zina mumapezeka nsomba ina yotuwa, yaitali, yodulidwa kale mutu, imene pa Chipwitikizi amaitcha pescada. Amene adagwirako ntchito ku Joni amaidziwa ndi dzina lakuti hake. Mtengo wake umaposa wa karapau, motero banja la kumudzi limaigula mwa apo ndi apo: pa Khrisimasi, pa ubatizo wa mwana, kapena pakabwera apongozi. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri ndalamazo zimathera mumphika. Nsomba ija imaphwanyika n'kusanduka phala, kukoma kwake kumamira m'tsabola, ndipo akudya amangoti kukadakhala bwino kugula chicoa.

Pamenepa cholakwa sichili ndi nsomba ayi. Chili ndi kaphikidwe ndiponso zimene aithira.

Pescada ndi nsomba ya m'madzi ozizira a m'nyanja yamchere ya Atlantic. Yambiri ya m'chigawo chino cha Africa imagwidwa kufupi ndi Namibia ndi South Africa, ndipo imatsitsidwa pamadoko monga Walvis Bay, Lüderitz ndi Cape Town. Mnofu wake ndi woyera, wofewa, wa mafuta ochepa, wa minga yochepa, ndipo fungo lake silamphamvu. N'chifukwa chake imayenera ana ndi okalamba, amene amavutika ndi minga ya nsomba zina.

Amayi a m'maboma a m'malire muno adazolowera nsomba zouma: chicoa ndi kapenta za ku Cahora Bassa, usipa ndi matemba zochokera ku Malawi. Nsomba zimenezi zimafuna kuviika, kuwiritsa nthawi yaitali, matimati ambiri ndi tsabola, pakuti n'zolimba ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Luso limeneli ndi labwino, koma pa pescada limaononga. Nthuli yake imapsa m'mphindi 10 zokha, ndipo ikapitirira pamoto kapena ikatakasidwa ndi mthiko imanyenyeka. Mlendo salandiridwa ndi mwambo wa mwana wa pakhomo.

Choyamba chimene pescada imafuna ndi ndimu, adyo ndi mchere pang'ono. Nthuli zikasungunuka, azipukute ziume, azipake adyo wosinja ndi mchere, azifinyire ndimu, ndipo zikhale choncho mphindi 20 kapena 30. Kuwawasa kwa ndimu kumachepetsa fungo la nsomba ndipo kumalimbitsako mnofu. Kuisiya m'ndimu maola ambiri n'kulakwa, chifukwa mnofu umayera n'kuuma ngati wapsa kale.

Chachiwiri ndi mbatata ya kachewere. Ku Portugal, kumene nsombayi imadyedwa kwambiri, amaiwiritsa n'kuidya ndi kachewere, karoti, kabichi kapena masamba ena, ndi dzira lowiritsa, n'kutsirapo mafuta a azeite pamwamba. Ku South Africa amaikazinga itakutidwa ndi ufa wa tirigu n'kuidya ndi tchipisi ndi viniga. Ku mayiko onse awiriwa mnzake wa pescada ndi kachewere. Tsono mlimi wa ku Angónia ndi ku Tsangano, amene kachewere wake amakagulitsidwa ku Tete mpaka ku Beira, ali nacho kale chimene a m'tauni amachigula ndi ndalama. Kabichi, karoti, anyezi, adyo ndi matimati zili m'dimba lomwelo. Azeite ndi wodula, koma supuni ziwiri za mafuta ophikira wamba zokazingira adyo ndi anyezi zimagwira ntchito yomweyo.

Kaphikidwe kake sikovuta. Kachewere, karoti ndi anyezi zilowe mumphika poyamba, kabichi atsatire. Zikatsala pang'ono kupsa, nthuli za nsomba zisanjikidwe pamwamba, moto uchepetsedwe, mphika uvundikiridwe, ndipo pasakhale wotakasa. Wofuna yokazinga aipake ufa wa tirigu kapena mgaiwa wosefa, aiike m'chiwaya mafuta atatentha bwino, ndipo aitembenuze kamodzi kokha. Yokazingayi imakomanso ndi mpunga wophikira m'matimati.

Ena adzanena kuti zonsezi ndi chakudya cha azungu, pakuti m'mudzi ndiwo ndi zimene zimatsitsa nsima, ndipo nsomba yopanda msuzi wamphamvu siingathe kutero. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo palibe chifukwa chosiyira nsima. Njira yake ndi kuphika msuzi paokha: anyezi, adyo ndi matimati zipse mpaka zitagwirana, michira ndi zipsepse za nsomba zilowemo kuti zipereke kukoma, kenaka nthuli zokazinga kale ziikidwe mumsuzimo mphindi zochepa mphika usanaphulidwe. Nsinjiro zipite m'mpiru kapena m'nkhwani wa pambali, pakuti zikalowa m'nsomba zimaphimba kukoma kwake konse. Piri-piri naye akhale m'kambale kake, aliyense adzithirire yekha. Potero ana adya mosalira, ndipo wogula alawa chimene adalipira.

Pa zakumwa lamulo ndi lomwelo: nsomba yofatsa imafuna chakumwa chofatsa, chozizira, chowawasa pang'ono. Apwitikizi amaimwera vinyo woyera wosatsekemera, makamaka vinho verde wa ku Minho, kumpoto kwa dziko lawo. Vinyo wofiira wa m'garrafão, amene anthu ambiri amagula pa chikondwerero poganiza kuti vinyo ndi vinyo, amasiya m'kamwa kakomedwe konga kachitsulo akakumana ndi nsomba. Mowa wa m'botolo woyera monga 2M kapena Manica, ukakhala wozizira, umayenda bwino ndi yokazinga chifukwa umatsuka mafuta palilime. Wakuda monga Laurentina Preta ndi wolemera, uyenera nyama yootcha. Kachasu amachititsa dzanzi lilime, ndipo womwa sasiyanitsanso pescada ndi chinangwa. Zakumwa za m'botolo zotsekemera nazo zimapha kukoma, ngakhale ana amazikonda.

Koma banja lisadandaule kuti lilibe ndalama za vinyo kapena mowa. Madzi ofinyiramo ndimu ndi shuga pang'ono amakwanira, malinga akhale owiritsa kapena othira Certeza. Thobwa logona usiku umodzi, loyamba kuwawasa, limagwirizana ndi nsomba yokazinga koposa thobwa latsopano lotsekemera. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene kumapiri kuno mphepo imaluma, tiyi wopanda mkaka wofinyiramo ndimu, kapena wa udzu wonunkhira uja amati balacate, amatsitsa bwino chakudyachi.

Chatsala chinthu chimodzi choposa zonsezi. Nsombayi imayenda makilomita zikwi isanafike m'malire muno, ndipo iyenera kukhala youndana pa madigiri 18 kunsi kwa ziro ulendo wonsewo. Magetsi akazima, kapena wogulitsa akazimitsa firiji usiku kuti asunge ndalama, nsomba imasungunuka n'kuundananso. Pescada yotere imakhala ngati siponji, ndipo ikhoza kutsegula m'mimba banja lonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula ayang'anitsitse: ngati m'thumba muli madzi a magazi oundana, ngati nsomba zamatana kukhala chibuma chimodzi, ngati mnofu wasanduka wachikasu kapena ukununkha fungo loboola mphuno, abweze ndalama m'thumba. Alipo amene amathira tsabola, adyo ndi viniga wambiri kuti abise fungo la nsomba yoyamba kuonongeka. Zimenezo zimanamiza mphuno yokha, mimba siinamizika. Ndipo wa kumudzi wopanda firiji, amene wayenda nayo panjinga kuchokera ku sitolo, aiphike tsiku lomwelo.

Oyang'anira zaumoyo ndi zamalonda m'maboma ali ndi udindo woyendera mafiriji a m'masitolo ndi m'misika, pakuti mlimi sangadziwe zimene zidachitika usiku. Ogulitsa nawo akumbukire kuti kasitomala wodwala sabweranso.

Zotsalazo zili m'manja mwa wophika. Pescada siifuna zokometsera za m'mapaketi kapena botolo lochokera kunja. Ndimu wa pakhomo, adyo, anyezi, kachewere wa m'munda, moto wochepa ndi mphindi 10 za kudekha ndizo zokwanira kuti ndalama zimene bambo adatuluka nazo thukuta zifike m'mbale.