Makina olemera adutse, koma asadutse pa misana yathu

Aliyense wokhala ku Lilanda, George, Zingalume kapena Matero anazionapo zimathiraki zija zonyamula makina a ku migodi. Patsogolo pamabwera kagalimoto ka nyali zothwanima ndi mbendera zofiira, pambuyo pake cimotoka ca mawilo osawerengeka cikukwawa ngati fulu, citasenza cinthu cacikulu kuposa nyumba zathu. Ana amathamangira ku mseu kukaonerera, amai ogulitsa tomato amasuntha mabeseni awo, ndipo oyendetsa minibasi amakwera m'mbali akudandaula. Cikapita, fumbi limatsika ndipo tonse timabwerera ku zocita zathu. Ndi ocepa amene amafunsa kuti cinthuco cinaloledwa ndi yani kudutsa pamenepo, cinalipira zingati, nanga cikaphwanya kanthu adzakonza ndani.

Ife tinene poyera kuti sitidana ndi makina amenewa. Akulu anati walira mvula walira matope. Dziko lino limadalira mkuwa, ndipo mkuwa sukumbidwa ndi khasu. Mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, wa Lumwana, ndi wa Sentinel ku Kalumbila, yonseyi inamangidwa ndi makina ocokera kunja. Mu 2024 eni ake a Lumwana anayamba nchito yokulitsa mgodiwo ya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo boma linaika colinga cakuti pofika 2031 tizikumba matani 3 miliyoni a mkuwa pa caka. Ici citanthauza kuti zimakina zidzaculuka pa miseu yathu. Popeza Zambia alibe nyanja ya mcere, katunduyu amatsikira ku madoko a Durban, Walvis Bay, Beira ndi Dar es Salaam. Wocokera kum'mwera, kaya walowera pa Chirundu, pa Kazungula kapena pa Katima Mulilo, nthawi zambiri amafika mu Lusaka asanalunjike ku Kopala. Ife a kumadzulo kwa mzinda tili m'njira yake.

Lamulo lilipo, ndipo ndi bwino kuti awerengi alidziwe. Mu 2002 nyumba ya malamulo inakhazikitsa mabungwe atatu: Road Development Agency yosamalira miseu, National Road Fund Agency yosunga ndalama za miseu, ndi Road Transport and Safety Agency yoyang'anira citetezo ca pa mseu. Malamulo a 2007 a kulemera kwa magalimoto amati thiraki pamodzi ndi katundu wake isapitirire matani 56. Katundu wopitirira pamenepo, kapena wotambalala, wotalika kapena wamsinkhu kuposa muyeso, sayenera kuyenda popanda cilolezo capadera ca RDA. Ciloleco ndi ca katundu amene sangagawidwe, monga thiransifoma, cigayo ca miyala ya mgodi kapena cikatapila. Munthu wonyamula simenti kapena mcenga sangapemphe cilolezo cotere, cifukwa katundu wake angathe kumugawa pa mathiraki awiri.

Cilolezo si pepala cabe lodindidwa cidindo. Wopempha amachula kulemera kwa katundu, m'lifupi mwake, msinkhu wake, kuculuka kwa ma ekiselo a ngolo, ndi njira imene adzadzera. Akatswiri amayenera kuona ngati maulalo a m'njiramo angapirire, ngati katunduyo angapite pansi pa nthambo za malaiti ndi maulalo a m'mwamba, ndiponso ngati ngoloyo ingakhote pa mphambano. Kawirikawiri amalamulidwa kuyenda masana okha, pang'onopang'ono, ndi magalimoto operekeza. Katundu akakula kwambiri pamafunika apolisi, ndipo nthawi zina a ZESCO kuti akweze kapena kuzimitsa nthambo.

Zonsezi ndi ndalama. Mwini katundu amalipira lowbed ndi woyendetsa wake, amalipira cilolezo m'dziko lililonse limene wadutsa, amalipira operekeza ndi mafuta awo, amalipira inshuwalansi, ndiponso msonkho wa pa toll gate, pamene katundu wotere ndiye amalipira zambiri kuposa magalimoto ena onse. Msonkho wa pa mseu umenewu unayambira pa mathiraki mu 2013, ndipo pambuyo pake kunabwera zipata monga za Shimabala, Katuba ndi Manyumbi. Onjezerani masiku ogona pa malire ndi pa sikelo za mathiraki ku Kafue, Kapiri Mposhi kapena Kafulafuta. Ulendo umene thiraki wamba imatha m'masiku owerengeka, cimakina cimautenga masabata. Kampani ya mgodi imaika zonsezi mu bajeti yake ndipo sizilemera. Koma kontilakita wamng'ono wa cikatapila cimodzi, wofuna kucisamutsa kucoka ku Chinika kupita ku kwale ya ku Lusaka West, amaona kuti mapepala amudyera phindu lonse. Vuto lathu limayambira pamenepo.

Pali cinthu cimodzi cimene ambiri a ife sitidziwa. Cimene cimaononga phula kwenikweni si kukula kwa thiraki, koma kulemera kumene kwagwera pa ekiselo imodzi. Akatswiri a ku America anayesa zimenezi pakati pa 1958 ndi 1960 pa miseu yoyeserera ku Illinois, ndipo anapeza kuti ukawirikiza kawiri katundu wa pa ekiselo, kuonongeka kwa mseu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ekiselo yoyenera matani 10 ikasenza matani 12, cionongeko cimafika kale pafupifupi kawiri. N'cifukwa cake ngolo za makina aakulu zili ndi mawilo ambirimbiri: zimamwaza katunduyo kuti phula lisamve kuwawa pamalo amodzi. Motero thiransifoma yoyenda mwalamulo, ndi operekeza ake, ingathe kuononga phula pang'ono poyerekeza ndi tipa ya mcenga yodzaza mopitirira imene imadutsa kasanu pa tsiku popanda woifunsa. Cimene timaonerera ndi kuciopa nthawi zina ndico cosalakwa, ndipo cimene tinazolowera ndico cikutidya.

Koma ulalo ndi kalavati ziwerenga mosiyana. Izo zimamva katundu yense wokhala pamwamba pake nthawi imodzi, ndipo zikalephera sizicenjeza. Tisaiwale za ku Kazungula mu 2003, pamene thiraki yolemera mopitirira inagubuduza pantuni pa Zambezi ndipo anthu 18 anamira. Lero pamalopo pali ulalo wa mamita 923 umene unatsegulidwa mu May 2021. Tikuthokoza. Koma makalavati a m'makomboni mwathu sanamangidwe ngati ulalo wa Kazungula. Anamangidwira minibasi, mataxi ndi mawilibala.

Ife tinaziona ndi maso athu m'dzinja lapitali. Madzulo ena, mvula itangokata, lowbed yonyamula cikatapila inapatuka pa mseu waukulu pothawa mndandanda wa magalimoto, n'kulowa m'kamseu kathu. Inalibe woperekeza, inalibe mbendera. Mkono wa cikatapila unakola nthambo yolowa m'nyumba, mtengo wa malaiti unapendama, ndipo pokhota mawilo akumbuyo anaphwanya cikuto ca kalavati. Woyendetsa anatsika, anayang'ana, anati pepani makolo, n'kukwera n'kupita. Palibe amene analemba nambala, poti aliyense anali kukoka ana kuti asayandikire nthambo. Tinakhala masiku angapo mumdima. Wa buchala anataya nyama, wometa tsitsi ndi woocherera zitsulo anakhala manja lende, amai ogulitsa zoziziritsa kukhosi anataya mpamba. Madzi a mvula, atasowa podzera, analowa m'mayadi ndi kuzungulira zimbudzi, ndipo amene akumbukira kolera ya 2024 adziwa cimene madzi otere amabweretsa. Pomaliza tinasonkha tokha ndalama za simenti. Pepani sapoletsa cilonda.

Tikaunika bwino, mlandu suli pa woyendetsa yekha. Iye amatumidwa, ndipo amauzidwa kuti makina afike m'mawa zivute zitani. Mwini makina nayenso amawerenga: kudikira cilolezo ndi kulipira operekeza pa ulendo wa makilomita 15, kapena kuyenda madzulo m'njira za m'komboni kumene kulibe sikelo. Sikelo zokhazikika zili pa miseu ikuluikulu ya kunja kwa mzinda, ndipo katundu woyenda m'kati mwa Lusaka mokha angathe kufika kumene apita osakwerapo pa sikelo iliyonse. Lamulo likakhala lovuta kulitsata koma losavuta kulizemba, anthu amalizemba. Ndalama imene mwini makina wapulumutsa siizimirira. Imasanduka dzenje pa mseu, sipuling'i yothyoka ya minibasi, ndi mtengo wokwera wa ulendo wa ku tauni, ndipo olipira ndife.

Funso lina ndi la kumene ndalama zimapita. Zolipira za zilolezo, zilango za pa sikelo ndi msonkho wa pa zipata zambiri zimalowa m'thumba la dziko lonse. Izi n'zoyenera, cifukwa mseu wa Lusaka ndi Ndola ndi wa tonse, ndipo tikuyembekeza zabwino pa nchito ya makilomita 327 youkulitsa imene pangano lake linasainidwa mu 2023. Koma timiseu ta m'komboni tili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo tikaonongeka timadikira pa mzere wautali. Kucokera mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, madera ali ndi kanthu m'manja. Koma ndalama zimenezo ndi za madesiki, zipatala zing'onozing'ono, misika ndi maphunziro a ana. Si cilungamo kuti zizipita kukatseka dzenje limene wasiya ndi munthu wa bizinesi amene wapanga phindu lake n'kupita.

Ena amati katundu yense wolemera apite pa njanji. Pali nzeru pamenepo. Mu 2018 boma linalamula kuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu monga mkuwa, malasha, simenti ndi shuga aziyenda pa sitima, ndipo mu 2025 kunasainidwa pangano lokonzanso njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860. Njanji ikayenda bwino, mathiraki adzacepa ndipo phula lidzapuma. Koma tisadzinamize. Njanji ili ndi maulalo ndi mapanga a muyeso wake, ndipo cigayo ca mgodi cotambalala sicingalowemo. Komanso njanji sifika ku Solwezi kapena ku Kalumbila. Zimakina zina zidzayendabe pa mseu, ndiye tiyenera kuzikonzera njira.

Njirayo ilipo kale. Pa nchito yocepetsa kuthithikana kwa magalimoto mu Lusaka, imene inayamba mu 2018, kunamangidwa mseu wolambalala mzinda ca kumadzulo, wocokera ku Makeni, kudutsa Mumbwa Road ndi Mungwi Road mpaka kukalowa mu Great North Road. Colinga cake cinali cakuti mathiraki odutsa asalowe pakati pa mzinda. Mseu umenewu usamalidwe ngati diso, pakuti ukangokumbika maenje oyendetsa adzabwerera ku Lumumba Road ndi m'timiseu tathu.

Tikupempha zinthu zinai, ndipo palibe cimene cifuna lamulo latsopano. Coyamba, cilolezo ca ulendo waufupi wa m'kati mwa mzinda cikhale cosavuta ndi cofulumira kupeza, pa mtengo umene kontilakita wamng'ono angakwanitse, kuti asakhale ndi cifukwa cozembera. Caciwiri, a RDA ndi apolisi abwere ndi sikelo zonyamulika pa Mungwi Road ndi Mumbwa Road, pa masiku osalengezedwa, makamaka madzulo ndi mbandakuca. Cacitatu, khonsolo iike zikwangwani zoletsa magalimoto olemera pa makomo olowera m'makomboni, ndipo katundu wamkulu akafuna kudutsa pafupi ndi ife, makansala auzidwiretu kuti adziwitse masukulu ndi misika. Cacinai, woononga akonze. Mwini makina amene waphwanya kalavati kapena kugwetsa mtengo wa malaiti alipire mtengo wake wonse, ndipo anthu a pamalopo aone ndi maso kuti ndalamayo yabwerera pamene panaonongeka.

Nafenso tili ndi mbali yathu, abale. Tamanga tuntemba mpaka m'mphepete mwa phula, tayala malonda pa mphambano, ndipo ena takoka nthambo za malaiti motsika kucoka nyumba ina kupita ina. Cimakina cikabwera, cidutsa pati? Tiwauze ana kuti ngolo yaitali ikamakhota, mawilo akumbuyo satsata akutsogolo, amadula njira, ndipo woyendetsa sangaone mwana woimirira m'mbali mwake. Oyendetsa minibasi aleke kulowerera pakati pa woperekeza ndi katundu pofuna kupulumutsa mphindi ziwiri. Ndipo tikaona lowbed yopanda operekeza ikulowa m'kamseu kathu, mmodzi akoke ana, wina alembe nambala ndi dzina la pa citseko, tikapereke ku polisi ndi kwa kansala. Ife tinalephera kucita zimenezi tsiku lija, ndipo tinalipira ndi m'matumba mwathu.

Mkuwa ukumbidwe, malaiti aonjezeke, acinyamata athu apeze nchito ku migodi. Tikufuna zonsezo. Koma mwini makina akamawerenga mtengo wa ulendo wake, awerengeremo ndi kalavati ya ku Lilanda.