Kompyuta ikakanika kukweza sisitimu, musathamangire kuifomata

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idafikitsa Windows 10 kumapeto kwa chithandizo chake, ndipo malaputopu akale ambiri a ku Mbare, Highfield, Glen View, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara muno mu Harare adatsala pamphambano. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene makina ambiri ogulidwa kwa ena alibe, chonsecho makina oterewa ndiwo adzaza m'timashopu totayipa ndi kupulinta m'malokeshoni muno. Anyamata okonza makompyuta, a ku Gulf Complex m'tauni ngakhale a pansi pa mtengo kwathu kuno, amachita bwino akamalangiza eni ake kuti aikemo Ubuntu kapena Linux Mint, chifukwa n'zaulere ndipo zimayenda pa makina ofooka. Chondidetsa nkhawa chimabwera pambuyo pake, tsiku limene kompyuta yauza mwini wake kuti kwatuluka mtundu watsopano, iye n'kuvomera, ntchito n'kuimira panjira. Poiyatsanso pamangooneka sikirini yakuda ndi mizere ya Chingerezi. Akapita nayo kwa wokonza amauzidwa kuti, "Tingoifomata, bwana." Ine ndikuti nthawi zambiri yankho limeneli n'lolakwika, ndipo kuno kumene magetsi ndi data zimavuta, palibe yankho lowonongetsa ndalama kuposa limeneli.

Kuti timvane, tione kaye mmene sisitimuyi idamangidwira. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004 potengera Debian ya mu 1993, ndi maphukusi masauzande olumikizana. Phukusi lililonse limabwera ndi kalata yake yonena maphukusi ena amene limadalira, mtundu wake weniweni wa maphukusiwo, ndi amene silingakhale nawo pamodzi. Pali mapulogalamu awiri oyang'anira zimenezi. Wotchedwa dpkg ndiye amamasula phukusi n'kuika mafayilo m'malo mwake, pamene apt amawerengera kuti chiyambe n'chiti, chichoke n'chiti. Kukweza sisitimu, tinene kuchoka pa Ubuntu 22.04 kupita pa 24.04, ndiko kusintha pafupifupi maphukusi onsewo nthawi imodzi makina ali chiyakire. Onse akakhala ochokera ku nkhokwe ya Ubuntu yeniyeni, masamu a apt amatheka, chifukwa adakonzedwa kuti ayendere limodzi. Vuto limayamba pakakhala mlendo. Makanika wa ku Gazaland ku Highfield amadziwa kuti sipeyala yochotsedwa pa galimoto ina ikhoza kugwira bwino chaka chonse, koma tsiku losintha injini ndi pamene imakana kulowana ndi zinzake. Makanika wanzeru amachotsa sipeyala imodziyo, sataya galimoto.

Alendowa timawalowetsa tokha, ndipo pa zifukwa zomveka. Wa shopu yopulinta amafuna dalaivala ya printer yake yakale, amaitenga pa tsamba la kampani yopanga. Wina amafuna Wine yatsopano kuti ayendetse pulogalamu ya Windows imene adaizolowera. Wophunzira amatsatira malangizo a pa intaneti n'kuwonjezera nkhokwe ya munthu wina, yotchedwa PPA, kuti apeze mtundu watsopano wa pulogalamu imene akuphunzirira. Chifukwa data ndi yodula, mafayilo a .deb amayendanso pa fulashi kuchoka kompyuta ina kupita ina, popanda wofunsa kuti adapangidwira mtundu uti wa Ubuntu. Pamene Ubuntu 22.04 idasamukira pa OpenSSL 3, phukusi lakale la libssl1.1 lidachoka m'nkhokwe, ndipo anthu ambiri adalikopera kuchokera ku 20.04 kuti mapulogalamu awo akale apitirize kugwira. Pa 24.04 padabwera kusintha kwina. Pokonzekera vuto la pa 19 Januwale 2038, pamene kawerengedwe kakale ka nthawi ka ma bit 32 kadzafike pamapeto, maphukusi ambiri adapatsidwa mayina atsopano othera ndi t64, moti libasound2 idasanduka libasound2t64. Pulogalamu yakunja imene sidakonzedwenso imaitanabe dzina lakale, ndipo nthawi zina zimenezi zimasokoneza masamu a apt. Chida chokwezera sisitimu chimatseka nkhokwe zakunja chisanayambe ntchito, koma maphukusi amene adalowa kale amakhalabe momwemo.

Ku London mkangano woterewu nthawi zambiri umathera pa uthenga wakuti kukweza kwakanika, makina n'kubwerera mmene analili. Ku Harare pamawonjezekera nkhani ya magetsi. Tonse tikukumbukira 2019, pamene ZESA inkazimitsa mpaka maola 18 patsiku madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumabwera usiku anthu atagona, ndipo vutoli lidabweranso chakumapeto kwa 2022. Laputopu yakale imakhala ndi batire lakufa, moti magetsi akangothima nayonso yathima. Akathima pa nthawi yotsitsa maphukusi pa intaneti palibe chowonongeka. Akathima dpkg ali mkati momasula ndi kukhazikitsa, theka la sisitimu limakhala latsopano, theka lakale, ndipo sikirini yakuda ija imachokera pamenepo. Zimaoneka ngati imfa ya makina, koma ndi ntchito imene yangotsala pakati, ndipo dpkg amalemba pamene walekezera.

Wokonza wodziwa ntchito amayamba ndi kuwerenga. Sikirini ikada amadina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, ndipo kawirikawiri pamatuluka malo olemberapo dzina ndi pasiwedi. Zikakanika amayatsanso makina, n'kusankha kernel yakale pa mndandanda wa GRUB umene umaoneka poyatsa, chifukwa yakaleyo imakhala ikadalipo. Akalowa amalemba dpkg --audit, ndipo makina amamuuza maphukusi amene adamasulidwa koma sadakhazikitsidwe. Lamulo la sudo dpkg --configure -a limamaliza ntchito yotsalayo, kenako sudo apt --fix-broken install limalumikiza zimene zaduka. Vuto likakhala la magetsi okha, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa. Likakhala la mlendo, umboni uli m'foda ya /var/log/dist-upgrade, m'mafayilo awiri, main.log ndi apt.log. Mu apt.log mumakhala mizere yoyamba ndi mawu akuti Broken, yotchula phukusi limene lakanika ndi limene likufunidwa. Mizereyi imatha kuchuluka, koma ukaitsatira umapeza kuti yambiri ikuloza dzina limodzi kapena awiri. Ukalemba apt policy ndi dzina limenelo, makina amaonetsa kumene phukusilo lidachokera, ndipo likakhala kuti silidachokere ku nkhokwe ya Ubuntu, wolakwa wapezeka. Ulichotse, kapena ubweze maphukusi a nkhokwe yonseyo ndi ppa-purge, uonenso ndi apt-mark showhold ngati wina adamangirira phukusi kuti lisasinthe, ndiye upitirize kukweza. Chenjezo langa n'limodzi, ndipo n'lalikulu. Apt asanachite kanthu amalemba mndandanda wa zimene achotse n'kufunsa ngati wavomera. Wodina Y asanawerenge akhoza kuchotsa desktop yonse pofuna kupulumutsa dalaivala imodzi ya printer. Mndandandawo ukakhala wautali modabwitsa, yankho ndi N, ndipo ubwerere ku apt.log.

Tsopano tiwerengere zimene kufomata kumataya. Maphukusi onse amene kompyuta idatsitsa isanakanike amakhala ali pa disiki, m'foda ya /var/cache/apt/archives. Imeneyo ndi data imene mwini wake adalipira kale, mwina adachezera usiku kudikira kuti itsike. Wofomata amafafaniza zonsezo, kenako mapulogalamu onse ayenera kutsitsidwanso, ndipo ngati alibe kale fayilo yoikira Ubuntu 24.04, imeneyo payokha ndi pafupifupi 6 GB. Koma chachikulu ndi mafayilo a anthu. Pa kompyuta ya shopu yotayipa pamakhala ma CV a ofuna ntchito, mapulojekiti a ana olemba mayeso a ZIMSEC, mabuku a ndalama za mpingo ndi za gulu la maliro. Kwa ife ana ndi zidzukulu za amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno, pamakhalanso zithunzi za ziphaso zobadwira ndi zitupa zakale za makolo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa gawo 43, adavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanatuluke, kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amenenso ankakhala m'dziko muno nthawi imeneyo, ndi nzika, koma ku ofesi amafuna mapepala, ndipo banja lina lidayenda mpaka kumudzi kuti liwapeze. Mapepala oterewa sayenera kufafanizika chifukwa cha phukusi limodzi limene dzina lake lidalembedwa poyera mu apt.log.

Okonza ali ndi yankho lawo, ndipo siliyenera kunyozedwa. Amati kufomata kumatenga ola limodzi ndipo mapeto ake amadziwika, pamene kufufuza kukhoza kudya tsiku lonse, kasitomala n'kulipira madola omwewo. Munthu wa lendi ya tebulo m'tauni sangasewere ndi nthawi. Ndikuvomereza kuti kufufuza koyamba kumachedwa. Koma zolakwika zake n'zobwerezabwereza, madalaivala omwewo, nkhokwe zomwezo, moti amene wawerenga apt.log kangapo amazindikira wolakwa msanga kuposa nthawi imene fulashi imatenga kuika sisitimu yatsopano. Ola limodzi lija silowerengera nthawi yobwezeretsa printer, mapulogalamu ndi mapasiwedi, imene imagwera mwini makina. Komanso wofomata sadziwa chimene chidalakwika, choncho amabwezeramo dalaivala yomweyo kuchokera pa fulashi yomweyo, ndipo pakatha zaka ziwiri makina amabweranso ndi matenda akale. Ilipo nthawi imene kuika sisitimu yatsopano n'koyenera, monga disiki ikayamba kufa, kapena makina akatsalira mitundu ingapo m'mbuyo. Ngakhale pamenepo, kuyatsa kompyuta ndi fulashi ya Ubuntu n'kukopera foda ya /home pa disiki ina n'kotheka ngakhale sisitimu itakaniratu kuyaka, ndipo wokonza wodumpha zimenezi alibe chodzikhululukira.

Ena amati ndikuimba mlandu eni makina ndi okonza, pamene opanga sisitimu nawonso amalakwitsa. N'zoona. Ubuntu 24.04.1 itatuluka pa 29 Ogasiti 2024, njira yokwezera kuchokera pa 22.04 idatsegulidwa, koma patangopita masiku ochepa kampani ya Canonical, imene imapanga Ubuntu, idaitseka chifukwa cha cholakwika m'chida chokwezeracho, chimene chinkasiya apt atasokonezeka ngakhale pa makina opanda phukusi lakunja. Idatsegulidwanso mu Seputembala momwemo atakonza. Koma taonani mankhwala amene okhudzidwa adapatsidwa: lamulo lomwe lija la apt lolumikiza zoduka. Palibe adauzidwa kuti afafanize disiki. Nkhani imeneyi imangotiphunzitsa kudikira masabata angapo mtundu watsopano ukatuluka, kuti amene ali ndi intaneti yotsika mtengo ndi magetsi osathima ayambe ndiwo kugwa m'maenje.

Pali gulu lachitatu limene limati ngati kukweza kuli ndi zoopsa zotere, bwanji osangosiya makina mmene alili. Maganizo amenewa amamveka anzeru mpaka utaona kalendala. Mtundu uliwonse wa Ubuntu wokhalitsa umatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse ndipo umalandira zigamba zachitetezo kwa zaka zisanu. Wa 20.04 udafika kumapeto kwa chithandizo chake chanthawi zonse mu Meyi 2025, wa 22.04 udzafika mu 2027. Kompyuta imene anthu amalowerapo ku banki ndi ku imelo, imenenso fulashi ya kasitomala aliyense imalowamo, siyenera kukhala yopanda zigamba. Kuchedwa kumakulitsanso ntchito, chifukwa sungalumphe kuchoka pa 20.04 kufika pa 24.04, uyenera kudzera pa 22.04, kutanthauza kukweza kawiri ndi data yowirikiza. Zoopsa zimachepa ndi kukonzekera, ndipo kukonzekerako sikufuna ndalama zambiri. Mafayilo akopedwe kaye pa disiki ina. Mtundu umene ulipo ulandire maapudeti ake onse. Maphukusi akunja achotsedwe ntchito isanayambe, adzabwezedwe pambuyo ngati ali ndi mtundu woyenera sisitimu yatsopano. Ndipo laputopu ya batire lakufa isakwezedwe pa magetsi a ZESA okha. Itengedwe kwa mnansi wa sola ndi inivata kapena ku shopu imene ili nazo, ngakhale pakhale kulipira kachepe.

Udindo waukulu ndikuuika pa amene amaika sisitimu poyamba, chifukwa ndi iye amadziwa zimene walowetsamo. Tsiku limene akuika dalaivala ya printer, Wine kapena PPA iliyonse, alembe mayina ake m'kafayilo ka pa desktop kapena pa pepala lomata kunsi kwa laputopu, ndipo auze mwini wake kuti uthenga wa mtundu watsopano ukadzaoneka asadzavomere asanabwere nayo. Wokonza wotsatira, kaya ali ku Budiriro kaya ku Dzivarasekwa, akadzaona mizere ya Broken adzafananiza ndi mndandandawo n'kudziwa poyambira. Nawonso eni makina ali ndi ufulu wofunsa mafunso awiri asanapereke ndalama: dzina la phukusi limene lakanika, ndi kumene mafayilo awo akopedwera.