Monograph si dzina la buku lililonse lochindikala

Inu a Fomu 4 amene mukuyembekeza kupita ku yunivesite, kumeneko mukapeza liwu lakuti monograph pa mndandanda wa mabuku oti muwerenge. Ambiri amaliyesa dzina la chibuku chilichonse cholemera. Sichoncho. Liwuli linachokera ku Chigiriki: monos ndiye kuti chimodzi, graphein ndiye kulemba. Ndi kafukufuku wa nkhani imodzi yokha, kawirikawiri wa mlembi mmodzi, wokumbidwa mpaka kumizu.

Buku lanu la Biology silili m'gululi, poti limangolawa magazi, zomera ndi tizilombo. Malawi's Muslims, limene David Bone analisonkhanitsa mu 2000, nalonso ayi, chifukwa mitu yake inalembedwa ndi anthu osiyanasiyana. Koma The Yao Village la J. Clyde Mitchell, la mu 1956, ndi monograph yeniyeni: buku lonse likufunsa mmene mudzi wa Chiyao umakhalira, za mbumba ndi ufumu, ndiponso chimene chimagawanitsa mudzi.

Kalembedwe aka n'kakale kuposa liwulo. Dokotala al-Razi wa ku Rayy, kufupi ndi Tehran, amene anamwalira cha m'ma 925, analemba kabuku kosiyanitsa nthomba ndi chikuku, matenda amene anthu ankawasokoneza. Kabuku kochepa, komabe ku Ulaya ankakasindikizabe m'zaka za m'ma 1700.

Ine ndikuona kuti apa ndi pamene ophunzira athu amapunthwa. Akauzidwa kuti afufuze, amasankha "Umphawi mu Africa", n'kukopera pa intaneti, basi. Mutu waukulu umabisa ulesi, chifukwa palibe angakugwire bodza. Mutu waung'ono subisa kanthu. Ukalemba za mjigo wa m'mudzi mwanu, uyenera kudziwa chaka chimene unakumbidwa, mabanja amene amatungapo, ndi amene amasunga ndalama yokonzetsera.

Ena anena kuti mayeso a MSCE safunsa zimenezi ndipo nthawi njochepa. Nthawi njochepadi, n'chifukwa chake sindikupempha buku. Ndikupempha masamba asanu, pa nkhani imodzi, kwa wophunzira aliyense wa Fomu 3, mayeso asanayambe kumupanikiza.

Makolo ndi a komiti ya mzikiti, mwana akabwera ndi kope kudzafunsa amene anapereka malo a mzikiti kapena chaka chimene madrasa inayamba, mukhale naye pansi. Ngati pali makalata akale m'kabati, mumuonetse.