Sefa musaipereke kwa boma

Aphunzitsi anzanga, pali kanyimbo kamene katchuka m'masitafu rumu athu, kuyambira pa Boma pano mpaka ku Jenda, Embangweni ndi Luwerezi, ndipo ine kanditopetsa. Akuti ana aonongeka ndi mafoni, ndiye boma lichitepo kanthu. Ena afika ponena kuti a MACRA agule makina oti azisefa za pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp zisanafike m'foni mwa mwana wa Fomu 2. Ine ndikukana.

Kuti zinyalala zilipo, zimenezo sitingakangane. Ndani mwa ife sanatsegulepo gulu la ophunzira akale m'mawa n'kupezamo chithunzi cha mtembo wa pangozi ya pa M1, abale ake asanauzidwe n'komwe? Nanga zithunzi za mtsikana amene wakana mnyamata, mnyamatayo n'kumuvula pamaso pa dziko? Nanga aja olonjeza ntchito ku Joni, bola utumize kaye ya mayendedwe pa Airtel Money kapena Mpamba? Tonse tikukumbuka 2020 pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anali atayenda kale m'mafoni, ana athu n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Tikukumbukanso mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, n'kudzabukanso mu 2020 m'chigawo chapakati ndi kuno kumpoto. Madeya ndi ambiri ndithu. Funso langa ndi limodzi: sefayo agwire ndani?

Mukati boma, mwaiwala msanga. Nthawi ya a Bingu wa Mutharika, MACRA inagula makina amene anthu anawatcha a ukazitape, nkhani yake n'kukathera ku khoti. Mu Januwale 2025, nthawi ya a Lazarus Chakwera, zinamvekanso kuti MACRA yapereka kontirakiti ya madola 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom kuti ibweretse makina olondola mabodza pa masamba a mchezo. Zipani ziwiri zosamwerana madzi, koma njala yake imodzimodzi. Tsono taonani amene lamulo la 2016 loona za pa intaneti lawagwira. Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha mawu onyoza pulezidenti amene analemba pa WhatsApp. Mu 2024 bambo wina ku Dowa anapezeka wolakwa chifukwa cha kakanema koseka pulezidenti. Inu mukupempha sefa yochotsa zithunzi za mitembo, koma wogwira sefayo amayamba wachotsa zimene zikumuyabwa iyeyo. Tsiku limene mudzalembe kuti malipiro achedwa, kapena kuti ana akukhala pansi m'kalasi yopanda denga, mudzadziwa kuti "zosayenera" amatanthauzira ndi mwini sefa.

Komanso makinawo sangachite zimene mukuganiza. Kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda atamangidwa mfundo imene amamasula ndi wotumiza ndi wolandira basi. Uthenga wa m'gulu umatuluka kunja ndi munthu wa m'gulu momwemo amene waujambula. Ndiye zonyansa zimene zikutivuta kwambiri, za m'magulu athu, makina a MACRA saziona.

Ena mukuti, chabwino, eni ake a Facebook asefe okha. Mwini Facebook ali ku California. Inu mukuganiza kuti mwana wa ku Champhira akatukwanidwa m'Chitumbuka, ndi mawu ophiphiritsa aja timawadziwa tokhafe, alipo amene akumva kumeneko? Ngakhale osefa amene kampaniyo inkagwiritsa ntchito ku Nairobi kudzera ku kampani ya Sama, magazini ya Time inaulula mu 2022 kuti ena ankalandira dola imodzi ndi theka pa ola, kutandala tsiku lonse akuonerera zoopsa. Ndipo malamulo a masamba amenewa amasintha mwini akasintha maganizo. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, anachotsa antchito ambiri, n'kubwezeretsa anthu amene anali atathamangitsidwa. Palibe amene anakufunsani.

Pali njira yachitatu, ndipo ndi imene ndikufuna muimvetse, makamaka inu ophunzira anga akale amene muli ku Mzuni, ku MUBAS ndi ku Johannesburg, poti ndinu muli ndi data.

Mu 2016 mnyamata wa ku Germany, Eugen Rochko, anayambitsa Mastodon. Kuiona kwake ili ngati Twitter, koma mamangidwe ake ndi ena. Si mzinda umodzi wa mfumu imodzi ayi. Ndi midzi masauzande, mudzi uliwonse ndi kompyuta yakeyake imene amaitcha seva, ndipo uli ndi mwini wake ndi malamulo ake olembedwa poyera. Midziyi imalankhulana kudzera m'ndondomeko yotchedwa ActivityPub imene inavomerezedwa mu 2018, monga mmene wa Gmail amalemberana kalata ndi wa Yahoo popanda kusamuka. Munthu wa kuno ku Mzimba zimenezi sangazizwe nazo. Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ali ku Edingeni, koma mlandu wa nkhuku suyambira kumeneko. Umayambira pa mphala, kwa anthu amene akudziwa mwini nkhuku, akudziwa wakubayo, akudziwanso chimene agogo awo anayambanirana.

Kusefa kwake kumachitika pawiri. Iwe mwini ukhoza kulemba mawu amene sukufuna kuwaona, ndipo uthenga uliwonse wokhala ndi mawuwo umabisika. Ukhoza kumutseka pakamwa munthu kwa iwe wekha, iye osadziwa, kapena kumutsekera chitseko kotheratu, kapenanso kutseka mudzi wonse. Wotumiza chithunzi chodetsa mtima amachiphimba ndi chenjezo, wofuna yekha ndiye avundukule. Pamwamba pa zimenezo, mwini seva akhoza kudula ubale ndi seva ina imene yasanduka dzala. Zinachitikapo mu 2019, pamene tsamba la Gab, lodziwika ndi chidani cha mitundu, linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Mastodon. Maseva ambiri anangolitsekera kunja. Palibe boma linalamula, palibe amene anamangidwa. Anzathuwo anapitiriza kulankhula, koma okhaokha. Nayonso Bluesky, imene inatsegulidwa kwa aliyense mu Febuluwale 2024, imalola munthu kusankha magulu osefa amene akuwakhulupirira, m'malo molandira sefa imodzi yochokera kumwamba.

Mundifunsa kuti, nanga mwini seva akakhala wankhanza? Zimachitika, nyakwawa zokondera tili nazo ngakhale kumudzi. Mauthenga achinsinsi a pa Mastodon samangidwa mfundo ngati a pa WhatsApp, mwini seva atafuna akhoza kuwawerenga. Seva ina imafa mwini akatopa kulipira. Ina imasiyidwa yopanda woyang'anira, ndipo ofufuza a ku Stanford anapezamo mu 2023 zithunzi zogwiririra ana. Zonsezi n'zoona. Koma nyakwawa ya pa Mastodon ikakutopetsa umasamukira mudzi wina, okutsatira ako n'kusamuka nawe, ngakhale zolemba zakale zimatsala. Tandiuzani, MACRA ikakutopetsani musamukira kuti? Ku Lundazi?

Tsopano ndifike pa ife eni ake, poti mkwiyo wanga weniweni uli pamenepa. Sindikunena kuti mawa tonse tithawire ku Mastodon. Makolo a ana athu sali kumeneko, ndipo ku Khosolo kuli malo amene munthu amakwera chulu kuti apeze netiweki. Chimene ndikunena n'chakuti mudzi wokhala ndi mwini wake tili nawo kale m'manja, koma tikuthawa ntchito yake. Gulu la WhatsApp la sukulu, la zoni, la ophunzira akale, la mpingo, onsewa ali ndi adimini, ndipo kawirikawiri adiminiyo ndi mphunzitsi. Kuyambira 2022 adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense kuti uchoke kwa onse. Angati mwa inu munaigwiritsapo ntchito? Chithunzi cha mtembo chimagona m'gulu la anthu 300 usiku wonse, adimini atachiona, koma akuopa poti wotumizayo ndi wamkulu, kapena ndi mlamu wake, kapena anathandiza pa maliro. Kukacha, adimini yemweyo ali mu sitafu rumu akuti boma lichitepo kanthu. Zamanyazi!

Ndipo musabisale kuseri kwa ufulu wa kulankhula. M'kalasi mwanu mwana akaimirira n'kuyamba kutukwana mnzake, simunena kuti ndi ufulu wake, ndiponso simuimbira foni ku Capital Hill. Mumamutulutsa. Kufufuta uthenga m'gulu sikumanga munthu. Foni yake ali nayo, akhoza kukatsegula gulu lake n'kumatumizamo mitembo yonse ya pa M1 kwa amene akuifuna. Kusiyana kwa adimini ndi wapolisi n'kumeneko, ndipo amene akusokoneza ziwirizi dala ndi ulesi chabe.

M'gulu la ophunzira akale limene ndimayang'anira tinalemba malamulo anayi pamalo ofotokozera gulu, pomwe wolowa aliyense amawaona. Mtembo ndi wovulala ayi. Chithunzi cha munthu chimene mwini wake sanalole ayi. Uthenga wa ntchito kapena wa sukulu uzinena kumene wachokera, apo ayi ufufutidwa. Ndale ziloledwa, kutukwana mtundu wa munthu ayi. Ma adimini tilipo atatu, mmodzi ndi mayi, kuti wina akakondera ena amudzudzule. Mwezi woyamba anatuluka anthu angapo akundinena kuti ndine Kamuzu. Ena anabwerera okha. Atsikana amene anali chete kwa zaka anayamba kulankhula, ndipo mmodzi anandiuza kuti poyamba ankaopa kutsegula gululo ana ake ali pafupi.

Inu ophunzitsa Computer Studies, mwana amene mwamuphunzitsa kulemba kalata pa Word koma sadziwa kutseka munthu womuvutitsa, kapena kuletsa foni kusunga yokha chithunzi chilichonse chobwera, kapena kuletsa alendo kumuponya m'magulu osawadziwa, mwamusiya panjira. Zitatuzi zimatheka m'phunziro limodzi la mphindi 40.

A MACRA ngati akusowa chochita, ntchito ilipo. Bandulo ya WhatsApp ndi Facebook imatchipa kuposa ya intaneti yonse, ndiye mwana wa ku Mabulabo amene ali ndi kandalama kochepa sasankha tsamba, amusankhira kale a Airtel ndi TNM. Atafuna kuyesa Mastodon, kapena kungotsegula nyuzipepala kuti aone ngati mphekesera imene walandira ili yoona, foni imamuuza kuti alibe data. Afunseni makampani awiriwa chifukwa chake bodza limafika pa bandulo yotchipa, koma pokalitsimikiza pamafunika yodula. Funso limenelo silifuna makina a ku Ghana, likungofuna kalata imodzi yokhala ndi chidindo.